MALIRE A KU ULAYA SANAGWE KUMWAMBA

Lero tikamba za maiko a ku Ulaya. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti maiko a Azungu anakhazikika kalekale monga mapiri, ndi kuti malire ao anacita kugwa kumwamba. Si conco ai.

Ife amene tinagwirapo nchito ya ukalaliki pa mgodi tidziwa cinthu cimodzi. Kalaliki akhoza kufafaniza dzina la munthu m'buku la mu ofesi, koma munthuyo safa nazo. Madzulo mudzampeza ku komboni akudya nsima ndi ana ake. Mapu nawonso ndi buku lotere. Amphamvu alembamo ndi kufafanizamo, koma anthu atsala ali moyo.

Tiyambe ndi Aroma. Ufumu wao unayambira ku Britain kufikira ku Egypt. M'caka ca 43 asilikali ao analowa m'Britain, ndipo analamulira kumeneko zaka zoposa 350, eni dziko akukhoma msonkho kwa mfumu ya ku Rome. Koma m'caka ca 476 mfumu yotsiriza ya Aroma a kumadzulo inacotsedwa pa mpando. Mbali ya kum'mawa inalimbikira kufikira 1453, pamene Aturuki analanda Constantinople, mzinda umene lero ndi Istanbul.

Aroma atacoka ku Britain, kunadza mitundu ya Angles ndi Saxons kucokera kumene kuli Germany ndi Denmark tsopano. Dzina lakuti England licokera kwa Angles amenewa. Tsono m'caka ca 1066 William wa ku Normandy anaoloka nyanja, nagonjetsa Angelezi, nagawira anthu ake minda yao. Kwa zaka pafupi-fupi 300 akulu-akulu a dzikolo anali kulankhula Cifalansa, ndipo Cingelezi cinali ca anthu wamba. Mvetsetsani bwino: mtundu umene unadzalamulira ife, nawonso unalawako kulamulidwa ndi alendo.

Nanga Germany? Kale anali maufumu ambiri ang'ono-ang'ono, ndipo anagwirizana kukhala dziko limodzi m'caka ca 1871. Italy anatsogolako pang'ono, mu 1861. Kotero pamene Bismarck anaitana maiko ku Berlin mu 1884 kudzapangana za kagawidwe ka Africa, dziko lakelo linali ndi zaka 13 cabe. Mwana wa dzulo ndiye anakhala pakati kugawa nyama.

Taganizani za munthu wobadwira mu mzinda wa Strasbourg m'caka ca 1865. Anabadwa Mfalansa. Mu 1871 anamuuza kuti ndi Mjeremani. Mu 1918 anabwerera ku France, mu 1940 Ajeremani anamtenganso, ndipo mu 1944 anakhalanso Mfalansa. Mbendera inasintha kanai, iye osasuntha ngakhale mpando wa pakhonde pake.

Koma nkhani imene tifuna kuti mupite nayo kunyumba ndi ya Poland. Dziko limeneli linali lalikulu ndi lamphamvu, koma akulu ake anafooka ndi kukangana. Anansi ake, Russia, Prussia ndi Austria, anayamba kulidula monga nyama ya pa ukwati, coyamba mu 1772, kenaka mu 1793, potsiriza mu 1795. Pamenepo dzina la Poland linafafanizidwa pa mapu kwa zaka 123.

Kodi anthu ake anatha? Iai. Anaukira Russia mu 1830 ndi mu 1863, nagonja, ambiri naphedwa, ena natumizidwa ku Siberia. Olamulira anayesa kucotsa cinenero cao m'masukulu. Mu 1901, m'tauni ya Września, ana a sukulu anakana kuyankha m'Cijeremani pa phunziro la cipembedzo. Anakwapulidwa, ndipo makolo ena amene anawaikira kumbuyo anaponyedwa m'ndende. Komabe amai anapitiriza kulankhula ndi ana ao cinenero ca makolo, kuimba nyimbo zao ndi kupemphera momwemo. Dziko linasowa pa pepala, koma linabisala m'kamwa mwa anthu.

Tsono inadza nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nkhondo imeneyi inafika ndi kuno komwe: mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. Pakutha pake maufumu anai akulu anali atagwa: wa Germany, wa Austria ndi Hungary, wa Russia ndi wa Aturuki. Onse atatu amene anadya Poland anali m'gulu limeneli. Pa 11 November 1918 Poland anaukanso.

Tisanaombe m'manja, timve zotsatira. Mu 1939 Hitler ndi Stalin anapangana, nagawananso Poland. Hitler anadzitama kuti ufumu wake udzakhala zaka 1,000, koma unatha zaka 12 cabe. Ngakhale unatha msanga, unasiya maliro osaneneka: ku Poland kokha kunafa anthu pafupi-fupi 6 miliyoni, theka lao Ayuda. Ena amene anatengedwa kupita ku Siberia, makamaka akazi ndi ana, anatuluka kudzera ku Iran nafika m'dziko lino. Anasungidwa m'misasa ku Lusaka, ku Abercorn ndi ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola. Makolo athu anawaona ndi maso: Azungu opanda kwao, osauka, olira abale ao.

Mu 1945 opambana nkhondo anakankhira Poland yense kumadzulo. Mbali ya kum'mawa inatengedwa ndi Soviet Union, ndipo Poland anapatsidwa malo a Germany. Mzinda wa Breslau unasanduka Wrocław, Ajeremani mamiliyoni nathamangitsidwa m'nyumba zao. Ambiri a othawa aja amene anali kuno anapeza kuti midzi yao siiri m'Poland konse, ndipo sanabwerereko.

Kusinthaku sikunalekere pomwepo. Germany, amene anadulidwa pawiri itatha nkhondo, anagwirizananso mu 1990. Soviet Union anasweka mu 1991, mukutuluka maiko 15. Mu 1993 anthu a Czechoslovakia anapatukana mwamtendere kukhala maiko awiri, popanda kuomba mfuti. Koma Yugoslavia anasweka ndi mwazi wambiri. Mu 2014 Russia analanda Crimea, ndipo mu 2022 analowa m'Ukraine ndi nkhondo yaikulu.

Nanga ife titolepo ciani? Coyamba, palibe ulamuliro wopondereza anthu umene ukhala kosatha. Makolo athu anauzidwa kuti Federation ya 1953 yadza kudzakhala, koma inatha mu 1963, ndipo pa 24 October 1964 Zambia anabadwa. Caciwiri, cimene cisunga mtundu si mzere wa pa mapu, koma cinenero ndi kugwirizana kwa eni ake. Acewa ali m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique, koma akakumana ku Katete pa Kulamba safuna womasulira.

Cacitatu ndico cacikulu. Malire athu analembedwa ndi alendo, inde, ndipo ena anadula mabanja pakati. Koma taona cimene cicitika anthu akafuna kusuntha malire ndi mfuti: ovutika ndi amai ndi ana, monga aja a ku Bwana Mkubwa. Ndico cifukwa cake atsogoleri a Africa anapangana ku Cairo mu 1964 kuti malire amene anawapeza awalemekeze. Pakakhala dandaulo, tikhale pansi tikambirane monga anacitira a Czechoslovakia.

Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Munthu akadza kwa inu ndi mau akuti mtundu wakuti si wa kuno, kapena kuti cigawo cakuti ncathu tokha, mumfunse ngati anamvapo za Yugoslavia. Ndipo madzulo ano, pofika kunyumba, lankhulani ndi ana anu cinenero canu. Umo ndimo Poland anabisala zaka 123.