Tisawaponye Miyala Amene Atibweretsera Moyo



Lero tilingalire za alangizi a zaumoyo, ana athu omwe amayenda pa njinga mudzi ndi mudzi. Ntchito yawo siyachilendo ayi. Kolera atafika m'Malaŵi mu 1973, Boma lidalemba anthu oti adzithandiza kulimbana naye m'midzi, ndipo alangizi a lero ndiwo adalowa m'malo mwawo.

Tonse tikumbukira mliri umene udayambira kwathu kuno ku Machinga mu Marichi 2022, nufalikira dziko lonse, nupha anthu oposa 1,700. Pa masiku aja, ndani ankathira klorini m'zitsime, kugaŵa Thanzi ORS ndi kufufuza odwala usiku? Ndi alangizi omwewa. Koma ena mwa ife tidawalipira ndi mphekesera zoti akufalitsa matenda ndi jekeseni. Mu Febuluwale 2023 anthu okwiya adaphwanya chipatala cha Nandumbo ku Balaka. Nanga wodwala wa m'maŵa mwake akadathaŵira kuti?

Tidziŵa pamene pali bala. Nchoŵaŵa kuuzidwa kuti mai wathu tisamsambitse, ndiponso kuti pa maliro pake pasaphikidwe nsima. Koma mtembo wa munthu wofa ndi kolera umakhalabe ndi tizirombo, ndipo manja amene ausambitsa ndi omwewo amakagwira chakudya cha ana. Mlangizi potiletsa sanyoza wakufa. Akuteteza amoyo, kuti pa siwa imodzi pasabadwe maliro asanu.

Msamariya wachifundo uja adamanga mabala a munthu wosamdziŵa. Alangizi athu achita chomwecho, ngakhale iwonso ali ndi ana kunyumba amene angathe kutenga nthendayo.

Tsono mvula ikayamba, inu akatekisiti, apatseni mpata wolankhula pambuyo pa mapemphero. Inu atsogoleri a miphakati, aperekezeni pa maliro, kuti asaime okha pamaso pa anamalira. Makolo, wina akayamba kutsekula m'mimba, mpatseni Thanzi ndipo thamangani naye kuchipatala; musadikire kuti kuche. Mphekesera ikafika pakhomo panu, ithere pomwepo.

Ambuye adalitse manja onse otumikira odwala. Amen.