Kumene Lamulo Limachokera Lisanafike kwa Aphungu



Ambiri a ife timayesa kuti lamulo limabadwa tsiku limene aphungu alivomereza mu Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Pa wailesi timamva kuti bilu yawerengedwa koyamba ndi kachiwiri, yapendedwa ndime ndi ndime, yawerengedwa kachitatu, ndipo yapita kwa Pulezidenti kuti akaisayine. Zonsezi n'zoona, koma ndi mathero chabe a ulendo wautali. Kuti tione amene amayendetsa ulendowu, tiyeni titsate lamulo limodzi lokha, lija la msinkhu wolowera m'banja.

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 adali kulola mwana wa zaka 15 kufikira 18 kulowa m'banja ngati makolo avomera. Taganizani, mtsikana amene sanamalize n'komwe sukulu ya pulayimale ankatha kupita ku ukwati lamulo lili chete. Malamulo omwewo ndiwo adakhazikitsa bungwe lounika malamulo la Law Commission, limene ntchito yake ndi kufufuza malamulo otha ntchito, kufunsa maganizo a anthu, ndi kulangiza Boma. Mu 2006 bungweli lidatulutsa lipoti lake pa za maukwati ndi kusudzulana. Lipotilo lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lisanasanduke lamulo, pakuti akatswiri amalangiza chabe, mphamvu yopanga lamulo alibe.

Mu 2009 aphungu adavomereza kuti msinkhu uja ukwere kuchoka pa zaka 15 kufika pa 16. Anthu sadakondwere nazo. Mabungwe oona za ana ndi amayi adadandaula poyera kuti chaka chimodzi sichisintha kanthu, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika sadasayine. Apa tikuona kuti ngakhale bilu itadutsa mu Nyumba, mawu a anthu akunja angathe kuibweza pakhomo.

Tsono nkhaniyi idakula kumidzi. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto sadadikire aphungu. Adagwirizana ndi mafumu a pansi pawo kuti maukwati a ana athe, adathetsa maukwati otere mazanamazana, nabwezera anawo kusukulu, ndipo nyakwawa zololeza mchitidwewu adaziimitsa paudindo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhondo idapindukira. Phungu amene kale ankaopa kunenedwa kuti akupondereza mwambo wa makolo adapeza poyankhira, chifukwa eni mwambo enieniwo ndiwo adali patsogolo. Atsikana nawonso adadzilankhulira okha kudzera m'mabungwe awo. Mu February 2015 Nyumba idavomereza lamulo latsopano la maukwati, kusudzulana ndi za m'banja, loika msinkhu pa zaka 18, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalisayina chaka chomwecho.

Koma padatsala mpata, ndipo inu ogwira ntchito m'Boma muumvetse bwino. Lamulo lililonse lotsutsana ndi Malamulo aakulu lilibe mphamvu pamalo pamene likutsutsanapo. Chikhalirecho ndime 22 inkalolabe ukwati wa mwana wa zaka 15 makolo akavomera, ndipo ndime 23 inkati mwana ndi munthu wosafika zaka 16. Kholo lochenjera likadatha kubisala kuseri kwa ndime zimenezi.

Mphamvu ina yotsekera mpatawu idachokera kunja kwa dziko. Malawi adavomera pangano la maiko a mu Africa loteteza ufulu ndi umoyo wa mwana, limene limanena kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2014 bungwe la IHRDA la ku Banjul, m'dziko la Gambia, lidakadandaula ku komiti yoyang'anira panganoli kuti malamulo athu sakugwirizana nalo. Mu 2016 Boma lidalonjeza kukonza. Ena adzati kumeneku n'kulamulidwa ndi alendo; koma pangano tidalowamo tokha, ndipo amene wakukumbutsa ngongole yako sanakulakwire. Pa 14 February 2017 aphungu 131 adavomereza kusintha Malamulo aakulu, awiri okha ndiwo adakana. Kusintha kotere kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, choncho chipani chimodzi pachokha sichikadatha. Akulu adati mutu umodzi susenza denga.

Kodi ntchito idathera pomwepo? Iyayi. Kafukufuku wa Boma wa za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, amayi 42 adakwatiwa asanakwane zaka 18. Umphawi, kusowa kwa fizi ndi kutalika kwa sukulu sizimva kulira kwa belu la mu Nyumba ya Malamulo. Ndipo lamulo la zaka 18 limavuta kulitsata pamene zaka za mwana sizidziwika, pakuti kholo limangoti, "Ameneyu ndi wamkulu, ali ndi msinkhu wochepa chabe," mfumu n'kusowa chogwira. Lamulo la kalembera wa dziko la mu 2010, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2015, limalamula kuti mwana aliyense alembetsedwe akabadwa. Inu a zaumoyo, aphunzitsi ndi alembi a mafumu, pobwerera kwanu kafunseni m'mudzi uliwonse kuti ana amene ali ndi chiphaso cha kubadwa ndi angati, ndipo otsalawo mukawathandize kulembetsa ku ofesi ya DC.