Zipangizo Zamakono pa Sukulu: Tiyambe ndi Zimene Zili M'manja Mwathu

Awa ndi mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa magulu omvera wailesi kuno ku Milange. Woyankhula ndi membala mnzathu, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Tawalemba onse kuti amene simunafike muwerenge ndi kukambirana m'magulu anu.

 Inu amene mwapalasa njinga kuchokera ku Majaua ndi ku Mongue, takulandirani ndi manja awiri.

Mutu umene ndapatsidwa ndi wa zipangizo zamakono pa sukulu ndi m'nyumba zowerengeramo mabuku. Tikamva mau amenewa, maganizo amathamangira ku makompyuta, ku intaneti, ku zinthu za ku Maputo ndi ku Quelimane. Ndiye timangoti, "Aaa, zimenezo si zathu, tidikire boma kapena mabungwe." Koma mwana amene ali kalasi yoyamba lero sadikira ayi. Zaka zitatu zikadutsa asanadziwe kuwerenga, mwana uja amayamba kujomba, kenaka timangomuona akugulitsa zitumbuwa pa msika, kapena tamva kuti wakwatiwa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lero ndikufuna tikambe za fodya wa pamphuno.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Mwana wa kuno amafika pa sukulu ali ndi zaka 6, akuyankhula Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje. Akalowa m'kalasi amapeza zonse zili m'Chipwitikizi. Kalembera wa mu 2017 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse m'Mozambique, pafupifupi 17 okha ndi amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Choncho mwana wathu amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi: kuphunzira zilembo, ndi kuphunzira chiyankhulo chimene sanachimvepo pakhomo. Amaloweza zimene zalembedwa pa bolodi, amaziimba bwinobwino pamodzi ndi anzake, koma mumpatse kakalata kochokera kwa agogo ake muone, angokuyang'anani.

Boma linaliona vuto limeneli kalekale. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997 linayesera kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri pa ndondomeko yotchedwa PEBIMO, ndipo ku Tete chiyankhulo chimene anagwiritsa ntchito chinali chathu chomwechi, Chinyanja. Mu 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena osankhidwa, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2018 linawavomereza ngati njira imodzi yophunzitsira ku pulayimale. Ndiye kuti mwana kuwerenga m'Chichewa si mlandu. Chosowa ndi choti awerenge. Kuwerenga kuli ngati kupalasa njinga: sungadziwe pongomva aphunzitsi akufotokoza, umayenera kukwera tsiku ndi tsiku. Nanga mwana akwera chiyani ngati buku lokhalo limene waligwirapo ndi la m'kalasi, nalonso akulimbirana anthu atatu?

Tsopano tione zimene anzathu anachita ndi zipangizo, kuti titolepo nzeru.

Ambiri a inu mukukumbukira pologalamu ya Tikwere imene wailesi ya MBC inkaulutsa kuyambira mu 2008. Ife kuno tinkaimva bwino lomwe, chifukwa mau a wailesi safunsidwa chiphaso pa Muloza. Masukulu a ku Malawi analandira mawailesi opukusa ndi oyendera dzuwa, osafuna mabatire. Phunziro linkatenga mphindi 30. Chinsinsi chake chinali ichi: mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso ndi kukhala chete pang'ono kuti ana ayankhe. Ankauza mphunzitsi wa m'kalasi kuti, lembani chilembo chakuti pa bolodi, itanani mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi. Ana ankaimba, kuwerengera timiyala, kudzuka ndi kukhala. Wailesi sinalande ntchito ya mphunzitsi, inali ngati mnzake womuthandiza pa mzere.

Yerekezani zimenezo ndi zimene tinaona mu 2020. Matenda a Covid-19 atafika, masukulu onse anatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo ana a makalasi ang'onoang'ono anakhala pakhomo pafupifupi chaka chathunthu. Maphunziro ankaulutsidwa pa Rádio Moçambique, pa kanema wa TVM ndi pa mawailesi a m'madera. Ganizo linali labwino. Koma tinene zoona, m'makomo angati mmene munthu wamkulu anakhala pansi ndi mwana pa ola limenelo? Wailesi inali itapita ndi abambo ku dimba kapena pa bawo, mwana ali ku chigayo. Phunziro linkauluka mumlengalenga, wolitola panalibe.

Za matabuleti nazonso tamva. Ku Malawi, kuyambira mu 2013, mabungwe a onebillion ndi VSO anayamba kuika matabuleti m'masukulu ena. M'menemo muli maphunziro a masamu ndi kuwerenga m'Chichewa. Mwana amavala zomvera m'makutu, amaphunzira pa liwiro lake, akalakwa chipangizo chimamubweza kuti ayesenso. Amatchaja ndi dzuwa, safuna intaneti, ndipo pamakhala mphunzitsi woyang'anira ndi malo okiya. Mu 2023 boma la Malawi linatenga ntchitoyi pa ndondomeko ya BEFIT, n'kuyamba ndi masukulu 500. Koma ku Peru, dziko la ku South America, boma linagula makompyuta ang'onoang'ono mazanamazana a zikwi n'kugawira ana. Kafukufuku amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti ana anadziwa kuseweretsa makinawo, koma pa masamu ndi pa kuwerenga sanapose anzawo amene sanalandire.

Abale anga, phunziro lake ndi limodzi. Chipangizo chimathandiza pakakhala zinthu zitatu: chiyankhule chiyankhulo chimene mwana akumva, pakhale munthu wamkulu pambali pake, ndipo pakhale wochisamala ndi kuchitchaja. Pakasowa chimodzi, chipangizo chimasanduka chidole, kapena chimangogona mu ofesi ya a diretori mpaka fumbi.

Zinthu zitatuzi, kodi ife tilibe? Tiyeni tiwerenge. Mawailesi amene tikugula masiku ano ali ndi polowetsa memori khadi. Mafoni ojambula mau ali pafupifupi m'gulu lililonse. Timasola tating'ono tili pa madenga ambiri. Tili ndi wailesi yathu ya Thumbine, imene inakhazikitsidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 mothandizidwa ndi UNESCO, yoyankhula ziyankhulo zathu. Ndipo tili ndi chuma china chimene timachiiwala. Nkhondo itavuta mu 1986, ambirife tinathawira ku Malawi, ndipo tinabwerera mtendere wa mu 1992 utasainidwa. Kumeneko ambiri anaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chichewa. Alipo amayi muno amene amati, "Ine sindingathandize mwana, Chipwitikizi sindichidziwa," chonsecho Lamulungu amawerenga Baibulo la Chichewa pamaso pa mpingo wonse. Amayi, inu ndinu aphunzitsi, kungoti palibe anakuuzani.

Ndiye ndili ndi mapempho anayi kwa magulu athu.

Loyamba, gulu lililonse lisankhe sukulu imodzi yoyandikana nayo, likakhale pansi ndi a diretori ndi konselho ya sukulu, n'kuyambitsa bokosi la mabuku. Laibulale siyamba ndi nyumba ya malata ndi mashelefu ayi. Imayamba ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi loko, kope lolembamo wobwereka, ndi munthu wokhulupirika wosunga kiyi. Mabuku atuluka kuti? Pa intaneti pali malo otchedwa African Storybook, pamene pali tinkhani ta ana taulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa ndi Chipwitikizi zomwe. Wachinyamata mmodzi wa foni yaikulu akhoza kukopera tinkhani tambiri tsiku limodzi ali pa boma, n'kukasindikiza pamene timapangitsa mafotokope. Tikasoka ndi ulusi, n'kukuta ndi katoni, buku latha. Ndalama zake tisonkhe nthawi yokolola, kaya ndi chitini cha chimanga kaya cha nandolo, ndipo zilembedwe poyera. Chenjezo laling'ono: mabuku a ku Malawi amalemba "chimanga", a kuno kwathu amalemba "cimanga". Mwana muuzeni kuti mau ndi amodzi omwewo, asasokonezeke.

Lachiwiri, tipange laibulale ya mau. Ife ndife anthu a wailesi, kujambula mau ndi ntchito yathu. Tipite kwa agogo athu atiuze nthano, ndagi, mbiri ya mudzi, maina a mitengo ya m'phiri la Tumbine, mmene ankathyolera tiyi kale. Tijambule pa foni atatilola, tisunge pa memori khadi, ndipo nthano iliyonse tiilembenso pa pepala. Apa ndi pamene pagona nzeru: mwana azimva mau pa wailesi chala chake chikutsata mau omwewo pa pepala. Khutu ndi diso zikayendera limodzi, zilembo zimasiya kuopsa. Zimenezi si zachilendo kwa aphunzitsi, chifukwa ndondomeko ya maphunziro ya mu 2004 inapatula gawo limodzi mwa magawo 5 a nthawi ya m'kalasi kuti ana aphunzire za kwawo. Aphunzitsi ambiri ndi obwera, ochokera kutali, za kuno sangazidziwe tikapanda kuwapatsa ife. Nthano zimene zatuluka bwino tizipereke ku wailesi, tipemphe ngati angazipezere mpata, makamaka ana akamawerenga okha. Mwana amene wamva dzina lake pa wailesi, mawa lake salola kujomba.

Lachitatu, tikhale ndi ola la kuwerenga kamodzi pa mulungu, pansi pa mtengo wa mango kapena m'kalasi ana akaweruka. Ana asapose 20 pa munthu wamkulu mmodzi. Titsanzire Tikwere: seweretsani nthano pang'ono, imitsani, funsani kuti, "Kodi Kalulu achita chiyani tsopano?" Mwana aloze mau amene ayamba ndi chilembo cha dzina lake. Pomaliza aliyense abwereke kabuku kamodzi akawerengere a kunyumba. Amene ali m'makalasi apamwamba awerengenso nthano yomweyo m'Chipwitikizi, chifukwa mayeso adzalemba m'Chipwitikizi, ndipo amene wadziwa kuwerenga m'chiyankhulo chake savutika kuolokera ku chinzake.

Lachinayi, tiike malamulo tisanayambe, chifukwa m'mera mpoyamba. Wailesi ndi memori khadi ya ana si zoseweretsera nyimbo pa ukwati kapena pa mowa. Foni imene ikugwira ntchito ya ana isakhale ndi makanema olaula kapena masewera a juga. Pa ola la kuwerenga pazikhala akuluakulu awiri, mmodzi akhale mayi, ndipo pasapezeke bambo kapena mnyamata woitana mtsikana payekha ponamizira maphunziro. Atsikana azigwira chipangizo mofanana ndi anyamata, osati iwo kumangosuzumira kumbuyo. Ndiponso tisunge zinthu mwanzeru. Tonse tikukumbukira namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene anaonongera kuno ku Zambezia ndi kutsidya ku Mulanje ndi Phalombe. Mabuku azikhala m'mapepala a pulasitiki, bokosi likhale pamwamba kuopa madzi ndi chiswe, ndipo mau onse akhale pa makhadi awiri osungidwa nyumba zosiyana.

Wina afunsa kuti, nanga makompyuta ndi matabuleti tawakana? Ayi, sitinawakane. Tipitirize kuwapempha kudzera ku konselho ya sukulu ndi ku ofesi ya maphunziro. Koma tsiku limene adzafike, adzapindulira sukulu imene inazolowera kale kusunga kiyi, kulemba m'kope, kutchaja ndi kubweza. Amene walephera kusamala bokosi la mabuku 30 sangasamale matabuleti 30.

Tidzadziwa bwanji kuti ntchito ikuyenda? Osati powerenga misonkhano imene tachita. Poyamba penipeni, patsani mwana aliyense kapepala ka mizere itatu kamene sanakaonepo, awerenge, mulembe amene akwanitsa. Pakatha miyezi 6 muchitenso chimodzimodzi ndi kapepala kena. Chiwerengero chimenecho ndicho mudzabweretse kuno.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene ana anu anakula kale, musati nkhaniyi si yanu, chifukwa amene adzakuwerengereni pepala la ku chipatala ndi sikelo ya wogula nandolo ndi ana omwewa. Pempho langa lomaliza ndi ili: pa msonkhano ukubwerawu, gulu lililonse lidzabwere ndi dzina la sukulu imene lasankha, dzina la wosunga kiyi, ndi nthano 5 zojambulidwa ndi zolembedwa. Tidzasinthana pompano, ndipo aliyense adzabwerera ndi zambiri kuposa zimene anabweretsa.

A wapampando, ine ndalekera pomwepa.