Mbiri yathu ipite pa intaneti, koma tiiwerenge kaye

Mawu a mlangizi wa zaulimi pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi, pa Kamwendo

Andipatsa mphindi zochepa, ndiye sindizungulira.

Mukandiona mumadziwa kuti ndabwera ndi nkhani ya mizere, mbewu kapena chuku mu mtedza. Lero ayi, ndabwera ndi nkhani ya mabuku. Akomiti agwirizana kuti mbiri ya zaka 10 zimenezi iikidwe pa intaneti, kuti wogula wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, kaya ndi banki, akafuna kudziwa kuti ife ndife yani asamadalire zongomva. Ganizo labwino ndithu. Koma mbiriyo panopa ili kuti?

Ili m'makatoni ku ofesi: buku la mamembala, buku la masheya, mabuku a pasikelo, maminitsi a misonkhano, malisiti. Ena chiswe chinayamba kale kulawa m'mbali. Ina ili m'nyumba zanu, m'majumbo, pansi pa matiresi. Kuti munthu mmodzi akhale pansi n'kulembanso zonsezo pa kompyuta, mvula ikhoza kugwa n'kusiya iye asanafike pakati.

Apa ndi pamene pakubwera nzeru ija anyamata aikonza patebulo apo kuti muione tikatha kudya. Dzina lake ndi OCR, kutanthauza makina owerenga zilembo. Foni yamakono yokhala ndi Google Lens imachita zimenezi. Mumajambula tsamba la buku. Poyamba foni siiona mawu ayi, imangoona madontho akuda ndi oyera, ngati mmene mwana wosapita kusukulu amaonera nyuzipepala. Kenaka imafufuza pamene pali mizere, n'kufananiza maonekedwe a zilembo ndi zilembo zambirimbiri zimene inaphunzitsidwa, n'kutulutsa mawu oti mukhoza kuwakopera, kuwakonza ndi kuwafufuza. Ubwino wake waukulu ndi womalizawu. Mukalemba mawu oti "mpendadzuwa", kompyuta ikuonetsani msonkhano uliwonse umene tinakambirana za mpendadzuwa. Za kuvundukula makatoni tsiku lonse zatha.

Tsopano tamvani mbali inayo, chifukwa ogulitsa mafoni sakuuzani.

Zilembo zodindidwa ndi makina, monga satifiketi yathu yochokera kwa mkulu wolembetsa makopaletivi, foni imawerenga bwino. Koma mabuku athu ambiri ndi olemba pamanja, ndipo manja ake si amodzi. Mlembi woyamba ankalemba mopendeketsa, wina ankalemba atasanjika buku pathumba la soya, anthu ali pamzere akumufulumizitsa. Pamenepo foni imasokoneza 1 ndi 7, 0 ndi 6, 4 ndi 9. Tsamba likapindika, imatha kutenga nambala ya mzere uwu n'kuiphatika pa dzina la mzere wapansi. Komanso makina amenewa anaphunzira kwambiri Chingerezi kuposa Chichewa, ndiye akakayika ndi mawu athu amangoikapo mawu a Chingerezi ofanana nawo. Choopsa chake n'chakuti sachita manyazi. Akalakwitsa sanena kuti pepani sindinaone bwino, amangolemba mwaukhondo ngati zoona.

Taganizani mayi amene anagula masheya 7, pa kompyuta n'kutuluka 1. Tsiku logawana phindu kudzakhala chiyani? Ndipo mukudziwa mmene anthufe tilili, chinthu chikangotuluka mu kompyuta timachikhulupirira kuposa buku. Eti? N'chifukwa chake ine ndikuti tsamba lililonse foni ikawerenga, pakhale anthu awiri: wina agwire buku, wina ayang'ane pa foni, awerengerane mokweza mzere ndi mzere. Mmodzi mwa awiriwo akhale munthu amene analipo nthawi imeneyo. Achinyamata ali ndi zala zofulumira, koma sangadziwe kuti pamene mlembi analemba "nd." ankatanthauza ndowa osati makilogalamu, kapena kuti mayina awiri osiyana m'buku ndi munthu mmodzi, lina la kwawo lina la kubanja. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo awa agonera zaka 10.

Palinso zinthu zimene foni ingawerenge molondola koma osazimvetsa. Buku la pasikelo likhoza kuonetsa kuti chaka china chimanga chinabwera chochepa. Silinena kuti cha m'ma 2017 ntchemberezandonda zinalowa m'minda m'dziko muno. Mitengo nayo ndi chimodzimodzi. Mu November 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Mlendo woona mitengo ya kale ndi ya lero popanda kumufotokozera adzaganiza kuti tinalemera mwadzidzidzi, pamene ife tikudziwa kuti feteleza anathamanga kutisiya. Ndiye pansi pa manambala pazikhala mawu anu ofotokoza. Mbiri yongoonetsa zithunzi za alendo akudula riboni ine siindigwira mtima. Chaka chimene mavenda anatipambana pamtengo mamembala ena n'kukagulitsa kumbali, nachonso chilembedwe, popanda kutchula munthu. Wogula wanzeru amakhulupirira gulu limene linagwapo n'kudzuka.

Ndatchula zosatchula munthu, ndiime pamenepo pang'ono. Kusunga mu kompyuta ya ofesi ndi kwina, kuika pa intaneti ndi kwina. Chimene mwaika pa Facebook mwachiika pamsika wa Kamwendo tsiku la msika, ndipo simungachibweze. Ngongole ya munthu, nambala yake ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama zimene analandira, izi zisatuluke. Mukudziwa kale akuba a pafoni aja amene amaimba akukutchulani dzina ngati amakudziwani. Tisawapatse buku lathu. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, Data Protection Act, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Chotuluka chikhale cha gulu: tinayamba liti, tinali angati, matani a chaka ndi chaka, mbewu zimene timagula, ndi zithunzi za okhawo amene avomera.

Pempho langa ndi ili. Amene muli ndi malisiti, makalata oitanira msonkhano kapena zithunzi zakale, bwerani nazo ku ofesi. Sitikulandani ayi, tijambula n'kukubwezerani pomwepo. Tiyambire malisiti opyapyala otuluka m'makina aja, chifukwa amenewo amafufutika okha ngakhale muwasunge bwanji, akatero ndiye kuti foni nayo yalephera. Ojambula, yalani tsamba pamalo osalala, pamthunzi powala bwino, osati padzuwa, ndipo tsamba lonse lioneke pamodzi ndi deti lake. Mabuku enieniwo asatayidwe. Foni imagwa m'madzi, kompyuta imafa, ndipo pakabuka mkangano wa masheya, oweruza adzafuna buku lokhala ndi siginecha kapena chidindo cha chala.

A wapampando, ndikupempha kuti tisanabalalike lero tisankhe anthu owerengerana aja, akuluakulu ndi achinyamata, amayi akhalemo. Amene anakhalapo alembi m'zaka zapitazi, chonde musathawe, manja anuwo mukuwadziwa ndinu.