Mwana akudziwa, nanga akulakwiranji?

 

Titakumana pano mwezi watha, mayi wina anandifunsa funso limene ndinapita nalo kunyumba. Anati, "Alangizi, mwana wanga ndimamulangiza madzulo alionse. Amavomera, mawu anga amatha kuwabwereza onse osaphonya. Koma akangotuluka pakhomo n'kukumana ndi anzake, zonse zathera pomwepo. Kodi n'kusamva, kapena anandilodzera?" Ambiri munaseka, koma ndinaona kuti kusekako kunali kwa anthu amene nkhaniyo ili m'nyumba mwawo. Yankho ndabwera nalo lero, ndipo ndalitenga kutali, ku America, kwa bambo wina dzina lake Laurence Steinberg.

Bamboyu ndi katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la anthu. Anabadwa mu 1952, anamaliza maphunziro ake apamwamba pa yunivesite ya Cornell mu 1977, ndipo kuyambira 1988 wakhala akuphunzitsa pa yunivesite ya Temple mumzinda wa Philadelphia. Zaka zonsezi wakhala pa nkhani imodzi: chimachitika n'chiyani mwa mwana akatha msinkhu mpaka kudzakhala munthu wamkulu. Anayamba ndi kuona mmene ana amakanganirana ndi makolo thupi likayamba kusintha. Kenako, pamodzi ndi anzake, anafufuza ana a sekondale pafupifupi 20,000 m'madera a Wisconsin ndi California. Anapeza kuti ana amene zimawayendera bwino, kusukulu ndi pa khalidwe pomwe, ndi a makolo amene amaonetsa chikondi, amaika malamulo osagwedezeka, koma amalolanso mwana kunena maganizo ake. Nkhanza zokha sizinkathandiza. Kulekerera kunali koipa kuposa.

Koma chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi kafukufuku wa mu 2005. Steinberg ndi wophunzira wake Margo Gardner anasonkhanitsa anthu 306 n'kuwagawa patatu: ana a zaka 13 mpaka 16, achinyamata a zaka 18 mpaka 22, ndi akuluakulu a zaka 24 kupita m'tsogolo. Aliyense anamupatsa masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta. Galimoto ikuyenda, nyali yachikasu imayaka kuchenjeza kuti ima. Ukapitirira pang'ono umapeza mapointi ambiri, koma ukachedwa kuima umagunda chipupa n'kutaya zonse. Ena ankasewera ali okha m'chipinda, ena ali ndi anzawo awiri amsinkhu wawo pambali.

Tamverani zimene zinatuluka. Mwana wa zaka 15 akakhala yekha ankayendetsa mosamala, osasiyana kwenikweni ndi bambo wandevu. Anzake akangokhala pambali, kuchita zoika moyo pachiswe kunkawirikiza kawiri. Mkulu uja, kaya anzake alipo kaya palibe, kayendetsedwe kake kanali komweko.

Mwina wina anganene kuti anzakewo ankamunamiza, ankamuuza kuti thamanga. Steinberg anaganizanso zomwezo. Ndiye mu 2011, iye ndi Jason Chein anabwerezanso, koma ulendo uno woyendetsayo anamugoneka m'makina ojambula ubongo, anzake n'kuwaika m'chipinda china. Mwanayo ankangodziwa kuti anzanga akundionerera, basi. Mbali ya ubongo imene imamva kukoma kwa chinthu, ija imadzuka munthu akaona ndalama kapena ndiwo zonona, inkayaka kwambiri. Mwa akuluakulu sizinkatero. Anayesanso ndi mbewa, inde mbewa zenizenizi. Zongotha msinkhu zikakhala ndi zinzake zinkamwa mowa wambiri kuposa zikakhala zokha, pamene mbewa zikuluzikulu zinkamwa chimodzimodzi. Mbewa siiuza inzake kuti "ngati ndiwe mwamuna imwa." Kungokhalapo kwa inzakeyo n'kokwanira.

Ine zimenezi ndinaziona ndi maso ndisanaziwerenge. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 17, ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Akanyamula agogo ake kupita nawo kuchipatala ankayenda ngati wanyamula mazira, pa bampu aliyense kutsika liwiro, pa mchenga kutsitsa miyendo. Tsiku lina pamsika, anyamata anzake atakhala pabenchi ya okonza njinga, anafuna kukhota mwaukatswiri pamaso pawo. Njinga inaterereka pamiyala, bondo linang'ambika mpaka fupa kuonekera. Ndikumusambitsa bala lija ndinamufunsa kuti kodi sunkadziwa? Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndimadziwa amalume." Ndipo sankanama.

Steinberg amafotokoza kuti mu ubongo muli zinthu ziwiri zimene sizikulira limodzi. Chilakolako cha zokoma, zachilendo ndi kutamidwa ndi anzako chimadzuka msanga, mwana akangotha msinkhu. Mphamvu yodzigwira, imene malo ake ndi kutsogolo kuno kuseri kwa chipumi, imakhwima pang'onopang'ono mpaka munthu atapitirira zaka 20. Iye amayerekeza ndi galimoto ya injini yamphamvu koma mabuleki osalimba. Pa nzeru zokhala pansi n'kuganiza modekha, mwana wa zaka 16 amafanana ndi ife. Pamene amagwera ndi pamene magazi atentha: wakwiya, wasangalala kwambiri, anzake akumuyang'ana, nthawi yoganiza palibe.

Musaganize kuti ndi za ana a azungu okha. Mu 2018 anatulutsa zotsatira za anthu oposa 5,000 a zaka 10 mpaka 30 ochokera m'mayiko 11, kuphatikizapo Kenya, India, China ndi Jordan. Pafupifupi konseko chilakolako cha zachilendo chinkafika pachimake cha m'ma 19, pamene kudzigwira kunkapitirira kukula mpaka zaka 23 kapena 26. Chimene chinkasiyana ndi kuchuluka kwa ngozi zimene ana amagweramo, chifukwa kwina mowa ndi galimoto n'zosavuta kuzipeza, kwina akuluakulu amakhala pafupi.

Ntchito yakeyi inafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu la dziko la America. Kunali mnyamata wina, Christopher Simmons wa ku Missouri, amene anapha mayi wina mu 1993 ali ndi zaka 17, ndipo anagamulidwa kuti aphedwe. Mlandu utafika kubwalo lalikulu, bungwe la akatswiri a za maganizo linapereka umboni wolembedwa, ndipo Steinberg anali mmodzi wa otsogolera pokonza za sayansi zake. Mu 2005, oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti munthu amene anapalamula asanakwane zaka 18 asapatsidwe chilango cha imfa. Mu 2010 ndi mu 2012 bwalo lomwelo linachepetsanso mphamvu yotsekera ana m'ndende moyo wawo wonse. Mumve bwino apa, Simmons sanamasulidwe, ndipo Steinberg sananene kuti mwana asalangidwe. Mfundo yake inali yoti mwana wolakwa ndi wolakwa ndithu, koma sanamalize kuumbika, choncho chilango chake chisatseke khomo loti asinthe. Kwathu kuno nakonso, mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mafumu, mukamaweruza nkhani za ana pabwalo pano, muzikumbukira zimenezi.

Timati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona. Koma ena mwambiwu mumautenga ngati chilolezo chotaya mwana wa zaka 14, ati anapotoka kale. Ine pamenepo ndimakana. M'buku lake la mu 2014, Age of Opportunity, Steinberg akuti ubongo umafewanso kachiwiri pa msinkhu umenewu, ngati dothi limene woumba mbiya walinyowetsanso. Chabwino chimakhazikika, choipa chimakhazikikanso.

Ndiye mayi munafunsa aja, mwana wanu sanalodzedwe, ndipo malangizo anu anamveka. Musasiye kulangiza, koma malangizo okha sangafike kumene iye amagwera, chifukwa pamenepo inu simukhalapo. Dziwani anzake mayina awo ndi makomo awo. Aitaneni adzakazingire chimanga pakhomo panu m'malo moti azikakhala kuseri kwa golosale. Mtsikana asapite kumchezo wausiku popanda wamkulu amene mukumudziwa. Ikani nthawi yofikira pakhomo, mufotokoze chifukwa chake, ndipo musaisinthe poti walira. Inu eni njinga za kabaza, kiyi musapatse mwana amene msinkhu wa laisensi sunakwane, ngakhale aziyendetsa bwino chotani mukamamuona. Ndipo chilakolako chija musachione ngati mdani. Chomwecho n'chimene chimamuthamangitsa pa mpira, kumuimbitsa kwaya, kumuyambitsa dimba lakelake la tomato. Chimafuna pochitira.

Agulupu, ndisanakhale pansi ndipemphe chinthu chimodzi. Tikambirane lero lomwe za nyumba zoonetsa mavidiyo ndi malo a pulu, kuti ana azituluka nthawi yanji komanso aziyang'anira ndani. Anankungwi ndikuona akweza dzanja kalekale, tiyambire kwa iwo.