TIKUMBUKIRE MALEMU LEONARD MAMBO MBOTELA, MDZUKULU WA KU NYANJA YATHU

Mawu amene anayankhulidwa pa chikondwerero cha 6 July cha mabanja a Amalawi okhala ku Ruaka ndi madera ozungulira

 

Pa 6 July tinazolowera kutchula a John Chilembwe, a Kamuzu Banda, a Masauko Chipembere, a Dunduzu Chisiza ndi mayi Rose Chibambo, ndipo nkoyenera kutero. Koma lero ndapempha a komiti kuti andilole tikumbukire bambo wina amene anabadwira kuno ku Kenya, nakulira kuno, namwaliranso kuno pa 7 February 2025 ali ndi zaka 84. Dzina lawo ndi a Leonard Mambo Mbotela. Mukafunsa woyendetsa matatu aliyense pa Limuru Road, kapena mayi wogulitsa masamba pa msika wa Ruaka, akuuzani kuti mawu a bambo amenewa anakula nawo. Chimene ambiri sadziwa nchakuti a Mbotela ankanena okha poyera kuti makolo awo anali Ayao ochokera kwathu, ku mudzi wa Mpanda, kufupi ndi nyanja.

Anafika bwanji kuno? Sanabwere pa ndege ngati ife. Kholo lawo, Mbotela, linagwidwa ukapolo m'zaka za m'ma 1800, nthawi imene anthu zikwizikwi ankatengedwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyendetsedwa pansi mpaka ku gombe la Indian Ocean, kumisika monga wa ku Kilwa. Mu 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar anavomera pangano lotseka msika wa akapolo, ndipo sitima zankhondo za Angerezi zinkagwira zombo zozembetsa anthu. Opulumutsidwawo analibe njira yobwererera kwawo. Choncho mu 1875 a mishoni a CMS anatsegula mudzi wa Frere Town pafupi ndi Mombasa, ndipo Mbotela anali mmodzi mwa amene anakhazikitsidwa kumeneko.

Ku Frere Town anthuwa anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, komanso ntchito za manja: ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusula zitsulo. Ena mwa aphunzitsi awo anali akapolo omasulidwa amene anaphunzira ku Nasik m'dziko la India, ndipo ambiri a iwo analinso ochokera kunyanja kwathu konkuja. Tchalitchi cha Emmanuel chilipobe mpaka lero, pamodzi ndi nsanja ya belu imene inapatsa dzina malo otchedwa Kengeleni. Apa nditchuleko chinthu china chimene ana athu ayenera kuchidziwa. Kufupi ndi kumeneko, ku Rabai, m'mishonale Johannes Rebmann anakumana mu 1853 ndi kapolo wina dzina lake Salimini, amene anamuphunzitsa chiyankhulo chathu, ndipo mtanthauziramawu woyamba wa Chinyanja anasindikizidwa mu 1877 kuchokera pa ntchito ya awiriwa. Chichewa chimene ena a ife tikuchita nacho manyazi m'nyumba zathu zosanja muno, mtanthauziramawu wake woyamba unakonzedwa m'dziko lomwe lino.

Banja la a Mbotela silinakhale chete. A James Juma Mbotela analemba buku la m'Chiswahili lotchedwa Uhuru wa Watumwa mu 1934, lofotokoza za kugwidwa ndi kumasulidwa kwa akapolo. A Tom Mbotela anali khansala wa mzinda wa Nairobi, ndipo anaphedwa mu November 1952, nkhondo ya Mau Mau itangoyamba, chifukwa ankadzudzula malumbiro a gululo ndipo ambiri ankawaona ngati a mbali ya atsamunda. Nkhani imeneyi ndi yolemera ndipo si ya ife alendo kuiweruza. Ndingonena kuti anthu amene anapulumutsidwa ndi sitima ya Mngerezi, naleredwa pa mishoni, opanda munda kapena mfumu yawoyawo, ufulu ankauona mosiyana ndi amene analandidwa malo kuno ku Kiambu. Dera la Mbotela ku Eastlands linatchulidwa dzina la a Tom.

A Leonard anabadwa mu 1940 ku Frere Town, ndipo anayamba ntchito pa wailesi ya Voice of Kenya mu 1964, chaka chomwecho chimene mbendera yathu ya dzuwa lotuluka inakwera ku Blantyre. Mu 1966 anayambitsa pologalamu ya Je, Huu ni Ungwana? Pa Chichewa tinganene kuti, kodi limeneli ndi khalidwe? Ankatenga timakhalidwe ta tsiku ndi tsiku, munthu wokuwa m'lesitilanti, mlendo wosadziwa kutsanzika, bambo wothera malipiro ku mowa, nkuwaseka mofatsa mpaka mwini wake adzione yekha. Pologalamuyi inakhala zaka zoposa 50. Ine ndikaimva ndinkaona ngati ndikumva agogo akulangiza pabwalo madzulo, kungoti m'Chiswahili chosalala cha ku gombe.

Okonda mpira amawakumbukira pa kuulutsa masewero. Nthawi imeneyo kanema anali wa anthu ochepa, ndipo mpira unkaoneredwa ndi makutu. Momwe ife tinkaunjikana pa wailesi kumvera a Steve Liwewe Banda pa MBC, anzathu kuno ankatero ndi a Mbotela, makamaka akayamba kutchula dzina la Joe Kadenge akuthamanga ndi mpira. Abambo achikulire muno sanaiwale 1987, pamene masewero a All-Africa Games anachitikira mu Nairobi, Harambee Stars nkutitulutsa m'ndime ya semifainolo, koma Flames nkugonjetsa Cameroon ndi kutenga mendulo ya malo achitatu. Nyimbonso ankazikonda kwambiri, makamaka zakale zimene kuno amati zilizopendwa, ndipo ngakhale atakalamba ankagwira maikolofoni nkuimba ndi bandi.

Tsiku limene moyo wawo unali pa chiswe linali Lamulungu, pa 1 August 1982. Asilikali ena a Kenya Air Force, motsogozedwa ndi Hezekiah Ochuka, anafika kunyumba kwawo m'bandakucha, nkuwatenga ndi mfuti kupita nawo ku situdiyo kuti alengeze kuti boma la a Daniel arap Moi lagwa. Anasankha iwowo chifukwa ankadziwa kuti mawu awo ndi amene dziko lonse liwakhulupirire. Analengeza mfuti ili pambali. Patapita maola ochepa asilikali okhulupirika ku boma analanda nyumba ya wailesiyo, ndipo mawu omwewo ndi amene anauza anthu kuti chiwembu chalephereka. Pambuyo pake anagwiranso ntchito m'gulu lofalitsa nkhani za pulezidenti Moi.

Chimene chimandikhudza ine nchakuti patapita mibadwo ingapo, chiyankhulo cha makolo chitasanduka Chiswahili, banjali linasungabe dzina la mudzi. Makolo awo analandidwa zonse, komabe mawu akuti Mpanda anawapatsira ana ndi adzukulu. Anansi athu a Chishona a ku Kinoo, amene amuna awo ambiri ndi akalipentala, anakhala kuno zaka pafupifupi 60 opanda chitupa mpaka analandira unzika mu 2020, ndipo nawonso kwawo sanakuiwale. Ife tili ndi mapasipoti, tili ndi WhatsApp, ndege ya ku Lilongwe imanyamuka pa JKIA. Nanga ana athu obadwira pano, tikawafunsa mudzi wawo, mfumu yawo ndi mfunda wawo, angayankhe angati?

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Sukulu zikatsekera mu December, tisonkhe ndalama, tikwere sitima ya Madaraka Express pa Syokimau ndi ana athu, tikatsike ku Miritini, tikaone belu la ku Kengeleni, tchalitchi cha Emmanuel ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku Rabai. Amene akufuna kupita nawo alembetse kwa mlembi tisanayambe kudya nsima.