Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Luso la Zopangapanga

Wapampando wa mwambo uno, mafumu athu eni nthaka, akuluakulu a nthambi za boma, aphunzitsi, ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwayala ntchito za manja anu m'misasa iyi: Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma popeza mwandipatsa mpando wa ulemu umene sindinauyenere, ndiloleni ndisanakamuke ndikambeko za udindo wa mabungwe a boma pa luso la dziko, ndipo nkhaniyo ndiyiyambire pa mtondo.

Inu a msinkhu wanga mukumbukira kuti kwa zaka zambiri alangizi anayenda mudzi ndi mudzi kulalikira chimanga cha haibulidi, nanena zoona kuti chibereka koposa cha makolo. Koma amayi athu, amene ena ankawayesa ouma mutu, anapitirira kudzala chamakolo pamunda wa chakudya, ndipo chatsopanocho, akachidzala, ankachidzalira kukagulitsa. Chifukwa chake chinali m'manja mwao. Njere za chimanga chatsopanocho zinali zofewa, kotero kuti mayi akaziika mumtondo kuti akonole, munsi unkaziphwanya, mphale yambiri n'kupita ku gaga. Ndipo chikalowa m'nkhokwe, anankafumbwe ankachita nacho phwando. Pamene akatswiri a ku Chitedze, pamalo a boma ofufuzira za ulimi kufupi ndi Lilongwe, anatchera khutu ku dandaulo limeneli, nakwatitsa mbewu zao ndi mbewu ya njere zolimba yochokera ku bungwe la CIMMYT, m'chaka cha 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, chimanga chobereka ngati haibulidi koma chokonoleka moyandikira chamakolo. Ndipo alimi amene anakana kwa zaka zonse zija anachilandira osakakamizidwa.

Ndakhalitsa pankhaniyi chifukwa muli zonse zimene ndadzera. Kukwatitsa mbewu ndi ntchito ya nyengo zambiri: udzala, uyembekeza, usankha, utaya, udzalanso, ndipo pazaka zonsezo palibe tambala imene ilowa m'thumba. Wamalonda, amene ayenera kubweza ngongole pakutha pa chaka, sangapirire motero, ndipo sitimuimba mlandu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere angakukwanitse ndi bungwe lokhalo limene lidalira msonkho wa anthu onse, popeza mwini wake, ndiye mtundu, sakufa. Koma onaninso mbali inayo: akatswiri aja anapambana tsiku limene analola kuti mayi wa pamtondo akhale mphunzitsi wao.

Nyumba zoti zisenze ntchitoyi tinazimanga kale. Lamulo la sayansi ndi luso la 2003 linabala bungwe la National Commission for Science and Technology, kuti lizilangiza boma ndi kulumikiza ofufuza a dziko lonse. Kuyambira 1972 tili ndi Malawi Bureau of Standards, yoyesa katundu kuti wogula asanyengedwe. Ku Ndata, m'boma la Thyolo, sukulu ya ukachenjede ya sayansi ndi luso inatsegula zitseko zake m'chaka cha 2014, ndipo masomphenya a Malawi 2063 anena poyera kuti tifuna kukhala dziko lopanga zinthu, losangodalira kugula. Funso langa kwa inu osunga nyumba zimenezi, ndipo ndifunsa ngati mbale wanu, ndi ili: kodi mwana wa kumudzi adziwa khomo lolowera?

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene njala ya 2001 ndi 2002 inamchotsa kusekondale posowa fizi, ndipo iye, atabwereka buku m'kanyumba ka mabuku ka kwao, anatola zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga, napanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Timnyadira, ndipo n'koyenera. Komabe mtima wanga sukhazikika ndikaganiza za ena amene mbiri yao sinatuluke pamudzi, amene talente yao yakwiriridwa pansi, osati chifukwa cha ulesi monga kapolo uja wa m'fanizo la matalente la m'Baibulo, koma chifukwa panalibe womuuza kumene angapite nayo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ndipo ana amenewa, amene lero aima pambali pa makina ao otongolera chimanga, mbaula zosatha nkhuni ndi mapampu othirira dimba, ndi ana a boma asanakhale a wina aliyense.

Chotero pempho langa ndi lachindunji. Mnyamata akapanga chipangizo, pakhale malo apafupi, ngakhale pa ofesi ya boma lake, pamene chingayesedwe pamtengo umene iye angathe, ndi munthu womuongolera kwa Registrar General kuti umwini wa nzeru yake ulembedwe asanamlande ochenjera. Chikayesedwa n'kupezeka chabwino, boma, limene ndilo wogula wamkulu m'dziko muno, wogulira sukulu, zipatala ndi ndende, likhale loyamba kuchigula. Pakuti n'chinthu chopweteka kuyamikira mmisiri ndi m'manja pa chionetsero, m'mawa mwake n'kuitanitsa kunja chomwecho chimene iye apanga. Ndipo kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndinena mwaulemu kuti maiko a mu Africa analonjezana kupereka gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chao ku kafukufuku. Ndalama imeneyo ifike kwa wofufuza mvula isanagwe, popeza munda woyeserera mbewu sudikira kuti mapepala asainidwe.

Inu ana anga, ndikatsika pano ndidzayenda msasa ndi msasa, ndipo ndapempha akuluakulu a nthambi za boma kuti ayende nane, zolembera zili m'manja. Musachite nao manyazi, auzeni chimene chakusowani. Wapampando, ndi chilolezo chanu ndi cha mafumu, ndilengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.